Tsiku Limene Malume Anakaona Webusaiti

"Uwafunse amuna akowo ngati mvula imadikira kuti munthu amalize kumanga nsapato!"

A Magret ankalankhula atayang'ana kunkhokwe, poti mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini wake. Koma mawuwo sankapita kunkhokwe. Ankalumpha kampanda ka udzu n'kukagwera pakhonde pomwe Fletcher anakhala akumanga nsapato zake zokwerera phiri. Pakati pa awiriwo panaima Eveles, mwana kumsana, khasu m'manja.

"Amayi, akumva. Si ogontha."

"Ngati akumva, uwafunsenso. Anzathu onse m'tsinde mwa Michesi muno mizere anamaliza. Ena makuponi a feteleza akaombola kale. Ife munda wakudambo uli tchire lokhalokha, njoka zikuswanamo. Kodi ine ndinalandira mkamwini kapena ndinaweta mlendo?"

Fletcher anakweza mutu. "Eve, uwauze amayi kuti ndikupita kuntchito."

"Akuti akupita kuntchito, amayi."

"Ntchito! Uwafunse kuti ntchitoyo inabala chiyani chaka chino. Njinga inali pano, anagulitsa. Akuti agula malo m'mwamba, mumphepo. Ine ndakalamba, koma sindinaonepo munthu akukazinga mphepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe, wapachala ndi wa mphepo."

"Eve, uwauze kuti alendo khumi ndi awiri akubwera mwezi wa mawa. Pepala lija ndinawaonetsa."

"Pepala! Chithunzi cha nkhuku sichiikira mazira."

Fletcher anamaliza kumanga nsapato. Anadzuka, nagwira kaphazi ka Tikondane kamene kanatulukira m'nsalu, nalowera njira ya kuboma. Eveles anamulondola mpaka pamtengo wa mango wa kumalire.

"Bambo a Tiko, bwanji osangolima masiku atatu okha, amayi akhale chete?"

"Masiku atatu, Eve? Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi webusaiti isakutseguka. Ana asukulu akunja aja analemba kuti ndiwayankhe msanga, akufuna ndiwakweze Michesi, kenako ndiwadutsitse pa Fort Lister kukwera Mulanje. Makalata awo amafikira pawebusaiti pomwepo. Webusaiti ikagona, makalatanso agona. Pano mwina akugogoda pakhomo langa, ine osamva."

"Nanga yadwala chiyani?"

"Siidwala. Amaisunga a Davison ku Limbe pakompyuta yawo yaikulu, amati seva. Seva ikazima, dziko lonse silingandione. Ndikawaimbira foni, ikungolira."

Eveles anali asanaionepo webusaitiyo. Kuboma kunali kutali, mwana anali wakhanda, ndipo tsiku lililonse linali ndi ntchito yake. Ankaidziwa momwe munthu amadziwira nyanja yamchere, mongomva. Fletcher anatola kamtengo n'kujambula pansi: apa pali phiri, apa pali dzina langa, apa pali mawu oitana alendo. Ankajambula mofatsa, lilime lili panja pang'ono, ngati mmene ankachitira m'kalasi ya Fomu 4 pomulembera timakalata tobisa m'buku la Jogalafe. Mtima wa Eveles unafewa ngati mmene unkafewera nthawi imeneyo.

"Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa," anatero Fletcher akumwetulira.

"Njiwayo ndine?"

"Nanga ndani? Tsiku lina udzakhala muofesi, Eve, uzidzayankha alendo ndi Chingerezi chako chija. Khasu uzidzangoliona pazithunzi."

Eveles anaseka, koma atatembenuka anaona amayi ake ataima pabwalo, manja m'chiuno, akuyang'ana mitambo imene inayamba kuda kumbali ya Mozambique.

Patapita masiku anayi Fletcher anakwera matola kupita ku Limbe. Anabwera mawa lake masana, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala pampando osavula nsapato, osapempha madzi.

"Mwawapeza?" anafunsa Eveles.

"Ndawapeza."

"Ofesi yake n'njotani? Munkati ili ndi magalasi."

"Ndi mmene ankanenera iwowo." Fletcher anaseka kuseka kosakoma. "Eve, ndi kashopu kojambulitsira mapepala, kuseri kwa depoti. Seva ija ndi kompyuta yakale, ili pansi patebulo, mphaka atagonapo. Soketi m'shopumo ndi imodzi. Kukabwera anthu ochajitsa mafoni, amazula seva n'kulumikiza mafoni. Ndapeza chingwe chake chili pansi, wina atachiponda."

"Ndiye masiku onsewa..."

"Masiku onsewa ine ndikuyenda wapansi kupita kuboma m'mawa uliwonse, kumapemphera kutsogolo kwa kompyuta, chingwe chili pansi."

"Munawakalipira?"

"Ndikanatani? Zithunzi zanga zonse zili m'mimba mwa chinthu chimenecho, makalata onse, dzina lomwe. Ndinapempha kuti andipatse ndikasungitse kwina. Akuti, 'Achimwene, inu akumudzi mumafulumira. Zinthu izi zimafuna odziwa.' Ndimati angolumikiza ine ndili pomwepo, akuti chinachake chapsa mkati, wokonza abwera Lachisanu. Kenako andigulira fanta." Anapukusa mutu. "Si ine ndekha, Eve. Pali gulu la amayi oluka madengu a ku Zomba, pali kwaya ina, pali sukulu ya mkaka. Tonse tili pansi patebulo lija. Amasankha ife akutali, amene sitingabwere kudzaona."

"Ndiye zatha?"

"Ayi. Alumbira pamaso panga kuti kuyambira Loweruka m'mawa iyaka, ndipo sadzazulanso. Agwira pamtima."

Eveles anafuna kunena kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, koma anaona maso a mwamuna wake, mmene ankamupempha kuti akhulupirire naye, ndipo anameza mawuwo.

Lachinayi mvula yoyamba inagwa, ndipo Lachisanu m'mawa kunabwera a Makina, mchimwene wa a Magret, mwini mbumba. Anali munthu woseka, wakale wa m'minda ya tiyi, wosakonda milandu. Anakhala pansi pa mango, naitana Fletcher ndi Eveles.

"Akamwini, mlongo wangayu wandilanda tulo. Akuti ndikuuzeni mukapume kwanu. Ine ndati ayi, nkhuku siiphedwa isanaonedwe ngati ili ndi mazira m'mimba. Kwathu kuno mkamwini akanenedwa ulesi sitikangana naye. Timangoti, tiyeni mukationetse munda wanu. Tikapeza mizere, wonenayo amachita manyazi. Tikapeza tchire, mkamwini amadziwa yekha njira. Tsono inu mukuti munda wanu uli m'kompyuta."

"Eya, malume."

"Umaoneka ndi maso?"

"Umaoneka."

"Ngakhale maso a nkhalamba yosadziwa Chingerezi?"

"Muli zithunzi, malume. Michesi yonseyi ilimo. Mudzaona ndi makalata a alendo omwe."

"Basi, nkhani yatha. Ndikauyendere. Mundiuze tsiku."

Eveles anayang'ana mwamuna wake. Mumtima ankakuwa kuti: nenani sabata yamawa, yambani mwapita nokha mukaone ngati yayaka. Koma pamaso pa malume mkazi salowerera mawu a mwamuna wake, ndipo Fletcher anali atatopa ndi kutchedwa wabodza.

"Mawa lomweli, malume," anatero.

Ananyamuka dzuwa lisanatenthe. A Makina anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ati munda wa mkamwini sauyendera ndi nsanza. Njira inali yoterera ndi mvula ya dzana, nthaka ikununkhira, ndipo m'minda monse anthu anali atawerama akubzala. Aliyense amene anawapitirira ankaweramuka.

"Ulendo wa kuti, a Makina, mwatchena chonchi?"

"Tikukaona munda wa akamwini! Akuti ulibe nansongole!"

Anthu ankaseka, Fletcher nayenso ankaseka. Eveles yekha ndiye ankangokonza nsalu ya mwana imene sinali yomasuka.

Kanyumba ka intaneti kanali kuseri kwa msika, makompyuta atatu ophimbidwa ndi nsalu za maluwa. Mwini wake, Zelifa, mtsikana wa ndolo zazikulu, anawapatsa mipando.

"A Fletcher, lero mwabwera ndi boma lonse?"

"Awa ndi malume. Abwera kudzaona webusaiti."

Nkhope ya Zelifa inasintha pang'ono. Anayatsa kompyuta. Inalira ngati chitete, kenako inakhala chete. Fletcher analemba dzina la webusaiti yake ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo, nadina. A Makina anavula chipewa n'kusendera pafupi.

Panatuluka tsamba loyera, ndi timawu tochepa ta Chingerezi pamwamba.

"Ndi umenewu?" anafunsa a Makina.

"Ayi, malume, sinatseguke. Nthawi zina imachedwa."

"Palibe kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anayesanso. Tsamba loyera. Fletcher anatuluka panja ndi foni, ndipo Eveles ankamuona pazenera akuyenda uku ndi uku, foni kukhutu, milomo isakugwedezeka. Anabwerera.

"Mwina sanatsegule shopu. Tidikire pang'ono."

Anadikira. Dzuwa linakwera. A Makina anatuma Eveles kukagula chinangwa chophika, nagawira aliyense, ngakhale Zelifa. Anasimba nkhani za kutiyi, za kapitawo wina amene ankaopa abuluzi. Nkhani zinatha. Tikondane analira, anayamwa, anagona. Nthawi iliyonse Fletcher akadina, tsamba loyera lija linkabwera ngati munthu wopanda nkhope.

Dzuwa litapendeka, a Makina anatembenukira kwa Zelifa.

"Mwanawe, tandithandiza. Mwina chikuvuta ndi chipangizo chakochi. Kodi minda ya anthu ena ikuoneka?"

"Agogo, vuto si la a Fletcher. Kumene amasungitsa..."

"Ndafunsa za minda ya ena."

Zelifa analemba dzina lina. Tsamba linadzaza ndi mitundu: nkhani za mpira, nkhope za anthu, galimoto yofiira. Analemba linanso. Nalonso linatseguka. A Makina anayang'ana nthawi yaitali.

"Ya ena ikumera," anatero motsitsa. "Mvula yake ndi yomweyi."

"Malume, ndikulumbira, ilipo! Zelifa anaionapo. Zelifa, auze!"

"Ndinaiona ndithu, agogo, kangapo konse. Ndi yokongola."

"Iwe ndiwe wamalonda, mwanawe, ndipo awa ndi kasitomala wako. Sindikukunena bodza, koma mlongo wanga sangamve za iwe." Anatembenuka pang'onopang'ono. "Eveles. Iwe ndiwe magazi anga. Sunandinamizepo chibadwire. Ukandiuza kuti unauona ndi maso ako, ine ndivala chipewa, ndikauza mayi ako kuti munda ulipo, atseke pakamwa. Unauona?"

Fletcher ankamuyang'ana. Sanamutsinzinire diso, sanagwedeze mutu, anangomuyang'ana ngati munthu amene madzi amufika m'khosi. Liwu limodzi lokha linkafunika. Eveles analimva likukwera kuchokera pamtima, linafika pammero. Koma maso a malume ake anali pomwepo, malume amene anamulipirira mayeso bambo ake atamwalira, ndipo pansi pa mtima, pamalo pamene iye mwini sankafuna kuyang'anapo, panali kafunso kamene tsamba loyera lija linabzala: nanga ngati palibedi?

"Sindinauone, malume."

A Makina anavala chipewa chawo.

Anabwerera kumudzi madzulo. Anthu a m'minda aja anali akuweruka, makasu paphewa.

"Mwauona munda, a Makina?"

"Tauona," anayankha, osaima.

Ankhoswe anakumana Lachiwiri. Sipanakhale phokoso. Mawu anali aulemu, monga amakhalira mawu opweteka: akamwini akapume kaye kwawo ku Jenala, mitima ikazizira tidzakambirana. Aliyense ankadziwa kuti mkamwini wopita kukapuma sabwerera. A Magret tsiku limenelo sananyoze. Anakhala kuseri kwa nyumba akusenda nandolo, maso ali pansi.

Fletcher analongedza m'chikwama chake chokwerera phiri. Zonse zinakwanamo, malo n'kutsala. Ananyamula Tikondane, namununkhiza pamutu nthawi yaitali.

"Bambo a Tiko," anatero Eveles. "Ndikananama?"

"Ayi."

"Ndiye bwanji simukundiyang'ana?"

"Sunaname, Eve. Unanena zoona. Chimene chikundiwawa si chimene unanena." Anamupatsa mwana. "Ndinaona nkhope yako usanayankhe. Amayi kundikayikira, ndinkapirira. Mudzi wonse kundiseka, ndinkati tsiku lidzafika. Koma ndinkati pali munthu mmodzi amene akuiona ngakhale sanaione."

"Ndinachita mantha. Tsiku limodzi lokha, bambo a Tiko!"

"Ndi tsiku lomwelo limene ndinkakufuna."

"Ndikutsatirani ku Jenala."

"Ku Jenala sindikakhalitsa. Ndikagone m'nyumba ya mlongo wanga, alamu azikandiwerengera mbamu? Foni ndagulitsa dzulo. Ndikuwoloka malire, akuti ku Mozambique kuli maganyu m'minda ya fodya. Amayi ankafuna ndigwire khasu. Uwauze ndaligwira."

Anatuluka. Eveles anaima pakhomo akuyang'ana chikwama chofiira chija chikuchepa m'njira, mpaka chinalowa m'chigwa. Michesi inangoti duu, mtambo uli pamutu, ngati sinamudziwepo munthu amene ankadziwa kasupe wake aliyense ndi dzina.

Munda wakudambo Eveles analima yekha. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, chimanga chinamera mochedwa. Patatha milungu iwiri anapita ndi Tikondane kusikelo kuboma. Akutuluka pachipatala anamva wina akukuwa dzina lake. Anali Zelifa, akuthamanga patapata ali m'manja.

"Mayi a Tiko! Bwerani msanga! Yayaka!"

Eveles sanadziwe mmene anafikira pampando uja. Pagalasi panali Michesi. Osati Michesi ya masiku onse, yotolako nkhuni ndi kuthawako anyani, koma phiri lobiriwira, lonyada, dzuwa likulipsompsona paphewa. Panali mathithi amene iye, wobadwira m'tsinde mwake, anali asanawaonepo. Panali makoma akale a Fort Lister, udzu utamera m'ming'alu. Ndipo pamwamba pa thanthwe panaima Fletcher, manja atatambasula, akuseka ndi mano onse.

"Ilipo," ananong'ona. "Zelifa, ilipo."

"Ndinkanena ine. Yayaka m'mawa uno. A Fletcher anandisiyira mawu otsegulira makalata awo, ndiye ndayang'anamo." Zelifa anazengereza. "Alendo aja analemba kanayi. Kalata yomaliza akuti pepani, tapeza wina wa ku Mulanje. Inalembedwa Lachisanu lija, malume asanabwere kuno, koma yangofika lero."

Eveles sanamvetsere zimenezo. Ankawerenga mawu a pansi pa chithunzi, Chingerezi cha Fletcher chokhotakhota. Ankaitana alendo kuti akatsika phiri adzapume kunyumba kwake, adzamwe thobwa la mkazi wake Eveles, limene silipezeka kwina kulikonse padziko lapansi.

Misozi inagwera pamanja pake.

"Ndikawatenge malume," anatero akudzuka. Kenako anakhalanso. Malume anali kumudzi, ulendo wa maola awiri kupita, awiri kubwera. Ndipo ngakhale akanabwera, akanaona, akanavula chipewa n'kupepesa, akanapepesa kwa yani? Ku Jenala anali atatumizako uthenga kawiri. Yankho linali lakuti anawoloka, sitidziwa dera lake.

"Zelifa, munthu akalemba kalata apa, imapita kuti?"

"Imakadikira mwini webusaiti. Tsiku limene adzatsegule, kulikonse kumene ali, adzaipeza."

"Ku Mozambique makompyuta aliko?"

"M'matauni aliko."

"Adzatsegula," anatero Eveles. "Ndimawadziwa. Ngakhale atatopa bwanji, akadzangoona kompyuta adzafuna kuona ngati yayaka. Ndiphunzitse."

Zelifa anamuonetsa kabokosi kolembamo. Eveles anali asanagwirepo kompyuta. Ankasaka chilembo chilichonse ngati wotola mtedza m'munda wokolola kale, mwana akukoka ndolo za Zelifa.

"Fulumirani pang'ono, mayi a Tiko. Zinthu za a Davisonzi..."

"Ndikufulumira."

Analemba kuti: Bambo a Tiko, ndaiona. Ndaona phiri, ndaona inu, ndaona dzina langa. Ndikhululukireni. Tiko wayamba kukwawa. Bwerani, kapena ndiuzeni kumene muli ndibwere ine, amayi anene zimene anene. Ndine wanu, Eve.

Anawerenga kawiri. Anakonza chilembo chimodzi.

"Ndidine pati?"

"Apo."

Anadina. Kompyuta inaganiza. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pansi pagalasi, kanafika pakati, kanaima. Kanaima nthawi yaitali. Kenako Michesi inazimirira, Fletcher anazimirira, mawu ake onse anazimirira, ndipo panatsala tsamba loyera.

"Yapita?" anafunsa Eveles.

Zelifa anadina, anadinanso. Analemba dzina la webusaiti kachiwiri. Tsamba loyera.

"Zelifa, kalata yanga yapita?"

"Sindikudziwa, mayi a Tiko. Mwina inapita isanazime. Mwina ayi. Palibe njira yodziwira."

Kunja mvula inayamba kuwaza pamalata, ndipo amayi a pamsika ankathamangitsana kuphimba tomato. Zelifa anayang'ana kuzenera, nayang'ana mayi amene anakhala chiwongokere pampando, maso ali pagalasi.

"Mvula ikukula. Simunyamuka, mtsinje usanadzaze?"

Eveles anamasula nsalu, nasamutsira mwana pamiyendo, nasendeza mpando pafupi.

"Yesanso," anatero.